Afisikali akayendera sitolo, wogula adziwe zomwe apeza

ULÓNGUÈ, kuchokera kwa mtolankhani wathu

Chakudya cha m'mapaketi ndi m'zitini chafika mpaka kumudzi. Karapau woundana, nkhuku za m'firiji, poloni, masoseji ndi mkaka wa m'mabokosi, zomwe makolo athu ankaziona pokhapokha akapita ku Tete, ku Beira kapena ku Blantyre, lero zili m'makantina ndi m'mabaraka a ku Dómuè, Tsangano, Furancungo ndi Zóbuè. Zambiri mwa izo zimayamba ulendo wake m'masitolo akuluakulu a m'tauni, aja otchedwa masupamaketi, omwe kampani imodzi imakhala ndi nthambi m'mizinda yambiri. Mwini kantina amakapikula kumeneko, nakweza makatoni pa chapa, ndipo mawa lake mayi wa kumudzi wagula, waphikira ana.

Mayi ameneyu sadaone mosungira katundu mwa sitolo ija. Sadziwa ngati firiji idazima usiku, ngati makoswe amayenda pa matumba a ufa, kapena ngati wodula nyama adasamba m'manja pochokera kuchimbudzi. Amene ali ndi mphamvu yolowa kuseri kwa sitolo ndi kuona zonsezi ndi afisikali a boma. Tsono funso la lero ndi ili: afisikali akaona, amauza yani? M'maiko ena boma limapereka malikisi kwa sitolo iliyonse, monga mphunzitsi aperekera nota kwa mwana wasukulu, ndipo malikisiwo amamatidwa pakhomo kuti aliyense awaone asanatulutse ndalama m'thumba.

Nkhaniyi si yamasewera. Mu 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la OMS, lomwe anzathu a ku Malawi amalitcha WHO, lidalengeza kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 600 miliyoni amadwala chifukwa cha chakudya choipa, ndipo 420,000 amamwalira. Mu Africa mokha odwala ndi oposa 91 miliyoni, omwalira 137,000. Mwa omwalira pa dziko lonse, 125,000 ndi ana osakwana zaka zisanu.

Phunziro la poloni

Ambiri timaganiza kuti chakudya chodwalitsa ndi cha pamsika pokha, pomwe pali ntchentche ndi fumbi, ndipo kuti cha m'sitolo yowala magetsi, ya antchito ovala yunifomu, sichingalakwe. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zomwe zidachitika ku South Africa, dziko lomwe limatitumizira zakudya zambiri za m'mapaketi, zikuchitira umboni mwambiwu.

Kuyambira mu 2017 zipatala za dzikolo zidayamba kulandira odwala matenda otchedwa listeriosis ochuluka kuposa kale lonse. Ovutika kwambiri anali makanda obadwa kumene, amayi oyembekezera, okalamba ndi anthu omwe chitetezo cha m'thupi mwawo ndi chofooka. Padatha chaka gwero lake lisakudziwika, chifukwa kachilombo ka matendawa kamatha kukhala m'thupi masabata angapo, nthawi zina mpaka masiku 70, munthu asanayambe kudwala. Nanga ndani angakumbukire zomwe adadya miyezi iwiri yapitayo?

Njira idatseguka mu Januwale 2018, pomwe ana asanu ndi anayi a pa sukulu ina ya mkaka ku Soweto adadwala atadya poloni. Akatswiri adalondola poloniyo kuchokera pa sukulupo mpaka komwe idapangidwira. Pa 4 Malichi 2018 nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo, a Aaron Motsoaledi, adalengeza kuti gwero la mliriwo ndi fakitale ya Enterprise Foods ku Polokwane, ya kampani ya Tiger Brands. Masupamaketi adachotsa poloni ndi masoseji pa mashelefu. Dziko lathu la Mozambique, Malawi, Zambia ndi maiko ena oyandikana nawo adaimitsa kulowetsa nyama zoterezi kuchokera ku South Africa. Pomwe boma la kumeneko linkalengeza mu Seputembala 2018 kuti mliri watha, anthu 1,060 anali atapezeka ndi matendawa ndipo 216 anali atamwalira. Bungwe la OMS lidati mliri wa listeriosis waukulu chotere sudalembedwepo kale.

Chomvetsa chisoni ndi choti amene adagula poloniyo sadalakwitse kanthu. Sinkanunkha, inali m'pulasitiki yake yotseka, ndipo inkagulitsidwa m'masitolo odziwika. Kachilombo ka listeria kamaswana ngakhale m'firiji yozizira. Kamafa chakudya chikaphikidwa mpaka kupsa bwino, koma poloni timangodula ndi kuika pa buledi wa mwana.

Apa tikuphunzirapo kuti kuyendera chakudya kuli pawiri. Pali zomwe fisikali angaone ndi maso ake m'sitolo, ndipo pali zomwe zimaoneka ku labotale kokha. Zonse ziwiri zimafuna boma, chifukwa wogula payekha sangathe.

Kodi afisikali amayang'ana chiyani?

Choyamba ndi kuzizira. Nyama, mkaka ndi poloni ziyenera kukhala pa madigiri 5 kapena kutsika. Zoundana, monga karapau ndi nkhuku, ziyenera kukhala pa madigiri 18 kunsi kwa ziro. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 ndi pomwe tizilombo timaswana mwachangu, ndipo tina timawirikiza kawiri pa mphindi 20 zokha. Tsono taganizirani mzinda wa Tete m'mwezi wa Okutobala, pomwe kutentha kumaposa madigiri 40. Magetsi akazima maola angapo m'sitolo yopanda jenereta, nsomba imasungunuka. Magetsi akabwera imaundananso, ndipo m'mawa imaoneka ngati yabwino. Ichi ndi chifukwa chake fisikali wodziwa ntchito sangogwira firiji ndi dzanja. Amatulutsa choyezera kutentha, ndipo amapempha buku momwe antchito amalembamo kazizidwe ka firiji tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri ndi deti. Katundu wotha nthawi yake sayenera kukhala pa shelefu. Fisikali amayang'ana kumbuyo kwa shelefu ndi m'makatoni, ndiponso amaona ngati deti sidafufutidwe kapena kumatidwa pepala lina pamwamba.

Chachitatu ndi mosungira katundu. Matumba a ufa, mpunga ndi shuga ayenera kukhala pa mathabwa, osati pansi kapena otsamira khoma lonyowa. Mankhwala a makoswe, sopo, parafini ndi mankhwala a kumunda zisakhale pamodzi ndi chakudya. Anthu a chigawo chino cha Tete tikudziwa zomwe ufa wonyowa ungachite. Mu Januwale 2015 ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, anthu oposa 230 adadwala ndipo 75 adamwalira atamwa pombe pamaliro. Mphekesera zidamveka zoti wina adathiramo ndulu ya ng'ona. Koma mu Novembala chaka chomwecho a Instituto Nacional de Saúde adalengeza zomwe labotale idapeza: poizoni wotuluka ku kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli, komwe kadaswana mu ufa wa chimanga wowonongeka womwe adaphikira mowawo. Poizoni ameneyu sanunkha, samveka pakamwa, ndipo satha ndi moto. Ufa wa ku Chitima sudagulidwe m'supamaketi, koma phunziro lake ndi la aliyense wosunga ufa: thumba lonyowa ndi kuchita nkhungu ndi lotaya, osati lotsitsa mtengo.

Chachinayi ndi kusiyanitsa zosaphika ndi zodyedwa kale. Mpeni, thabwa ndi makina odulira nyama yaiwisi zisagwire poloni, tchizi kapena buledi. Magazi a nkhuku asadonthere pa ndiwo zamasamba.

Chachisanu ndi antchito. Aliyense wogwira chakudya akhale ndi kaloti ya zaumoyo, yomwe m'Chipwitikizi timati cartão de saúde, yosonyeza kuti adapimidwa. Pakhale madzi, sopo ndi chimbudzi chaukhondo. Wotsekula m'mimba asagwire chakudya cha anthu kufikira atachira.

Zonsezi afisikali a maiko ambiri amaziyang'ana mofanana. Kusiyana kuli pa zomwe zimachitika fisikali akatseka buku lake.

Ku Britain malikisi ali pakhomo

Dziko la Denmark lidayamba mu 2001 kumata pakhomo pa malo ogulitsa chakudya chithunzi cha nkhope, yosekerera kwa ochita bwino, yokwinya kwa olephera. Ku Britain, bungwe la boma loona za chakudya la Food Standards Agency lidakhazikitsa njira yake mu 2010 ku England, Wales ndi Northern Ireland. Njira imeneyi imakhudza masupamaketi, mabutchala, malesitilanti, makhitchini a m'sukulu ndi m'zipatala, ngakhalenso timagolosale ting'onoting'ono.

Kachitidwe kake ndi kosavuta kumva. Fisikali wa khonsolo amafika, kawirikawiri osachenjeza. Amaona zinthu zitatu: kagwiridwe ka chakudya, ndiko kukonza, kuphika, kuziziritsa ndi kusunga, ukhondo ndi kamangidwe ka nyumba, kuphatikizapo kupewa makoswe ndi mphemvu, ndiponso ngati eni ake ali ndi dongosolo lolembedwa ndi antchito ophunzitsidwa, zomwe zimasonyeza kuti ukhondowo upitirira fisikali akachoka. Akatha amapereka nambala, kuyambira 0 mpaka 5. Nambala 5 ndiye kuti zonse zili bwino kwambiri. Nambala 3 ndiye kuti zili bwino pang'ono, zovomerezeka. Nambala 0 ndiye kuti pakufunika kukonza msangamsanga. Nambalayo imalembedwa pa pepala lobiriwira lomata pa galasi la pakhomo, ndiponso imaikidwa pa intaneti. Nthambi iliyonse ya supamaketi imalandira nambala yakeyake, kotero kuti dzina lalikulu la kampani silibisa nthambi yauve.

Malo okhala ndi chiopsezo chachikulu amayenderedwa pafupipafupi, mwina miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, pomwe ogulitsa zouma zokha amatha kukhala zaka ziwiri kapena kuposa. Mwini sitolo amene akuona kuti walakwiridwa ali ndi masiku 21 ochita apilo. Amene wakonza zolakwika angapemphe kuti fisikali abwerenso.

Pali mfundo imodzi yoyenera kuigwira bwino. Ku England kumata pepalalo pakhomo ndi kufuna kwa mwini sitolo, ndipo monga mungaganizire, wopeza 5 amamata monyadira pomwe wopeza 1 amabisa m'kabati. Dziko la Wales lidaona zimenezi ndipo mu 2013 lidalamula kuti aliyense amate, afune asafune. Northern Ireland adatsatira mu 2016. Chitakhazikitsidwa lamuloli, malo opeza 5 ku Wales adachuluka kwambiri. Chindapusa mwini sitolo amalipira kamodzi, naiwala. Koma nambala 1 pakhomo imamudya tsiku lililonse, chifukwa ogula amawerenga ndi kupita kwa mnzake.

Pomwe boma lidatchula maina

Pepala la pakhomo limanena za ukhondo wa nthambi imodzi. Silinena za kachilombo komwe kadabwera kale ndi katundu kuchokera ku fakitale, monga zidachitikira ndi poloni ija. Pa vuto limeneli a ku Britain omwewo adayesa njira ina, yopikisanitsa makampani athunthu a masupamaketi.

Nkhani inali ya nkhuku. Kachilombo kotchedwa campylobacter, komwe kamakhala m'matumbo a nkhuku ndipo kamapaka nyama pophedwa, kankadwalitsa anthu pafupifupi 280,000 pachaka m'dzikolo, malinga ndi kuwerengera kwa bungwe lija. Kamayambitsa kutsekula m'mimba, nthawi zina kwa magazi. Kuyambira Febuluwale 2014 mpaka Febuluwale 2015 bungwelo lidagula nkhuku zaiwisi pafupifupi 4,000 m'masitolo, monga agulira munthu wamba, ndi kuzitumiza ku labotale. Pa nkhuku 100 zilizonse, 73 zidapezeka ndi kachilomboka, ndipo 19 zinali nako kochuluka koopsa.

Chomwe chidagwedeza dziko si nambala zokha. Mu Novembala 2014 boma lidatchula maina a makampani, uyu ndi uyu, aliyense ndi zotsatira zake. Kampani ya Asda idapezeka kuti nkhuku zake zokhala ndi kachilombo kochuluka zinali zambiri kuposa za anzake, pomwe ya Tesco inali ndi zochepa. Palibe kampani ngakhale imodzi yomwe idakwanitsa mlingo womwe udaikidwa. Nyuzipepala ndi wailesi zidafalitsa mndandandawo, ndipo patatha miyezi itatu udatulukanso wina.

Supamaketi siweta nkhuku, koma ndiyo imagula zambiri, choncho mawu ake amamveka kwa oweta ndi okupha. Makampani adayamba kukakamiza owagulitsa. Ena adalonjeza mphotho kwa alimi omwe makola awo apezeka opanda kachilombo. Ena adalamula njira zatsopano zoziziritsira nyama mwachangu kapena kuiwomba ndi nthunzi yotentha ikangophedwa. Ena adayamba kugulitsa nkhuku m'thumba lomwe munthu amaphikiramo osaigwira. Pofika chaka cha 2016 mpaka 2017, nkhuku zokhala ndi kachilombo zidatsika kufika pa 54 mwa 100, ndipo zokhala nako kochuluka koopsa zidatsika kufika pakati pa 6 ndi 7 mwa 100. Mu 2017 makampani asanu ndi anayi akuluakulu adagwirizana ndi boma kuti aziyeza okha ndi kufalitsa zotsatira zawo.

Onani bwino: sipadatsekedwe sitolo, sipadamangidwe munthu. Chomwe chidagwira ntchito ndi manyazi ndi mpikisano.

Kutchula maina si kwa Azungu okha. Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo ya ku Zambia, a Elijah Muchima, adalengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa atadya zakudya zopangidwa ndi chimanga chokhala ndi poizoni wa nkhungu wotchedwa aflatoxin, ndipo kuti theka la zoyezedwa 25 zotengedwa ku zigayo zazikulu zidapezeka ndi poizoniyu wopitirira mlingo. Boma lidatchula maina a mitundu ya ufa yokhudzidwa ndi kulamula kuti ichotsedwe m'masitolo. Kwa abale athu a ku Chifunde ndi Marávia, omwe amadutsa pa Cassacatiza kukagula ku Katete ndi Chipata, mndandanda wotere ndi wa moyo.

Nanga kuno kwathu?

Malamulo tili nawo. Lamulo loteteza ogula, la nambala 22/2009, la pa 28 Seputembala 2009, limapatsa wogula ufulu wolandira katundu wabwino, ufulu wotetezedwa moyo ndi thanzi, ufulu wouzidwa zoona za chomwe akugula, ndi ufulu wolipidwa akawonongeredwa. Chaka chomwecho boma lidakhazikitsa Inspecção Nacional das Actividades Económicas, yomwe ambiri tidaizolowera ndi dzina lachidule la INAE, kuti afisikali a zamalonda agwire ntchito pamodzi. Miyezo ya katundu ndi masikelo idapatsidwa kwa INNOQ, yomwe idayamba mu 1993. M'boma lililonse muli ofesi ya zachuma ndi zaulimi ya SDAE ndi ofesi ya zaumoyo.

Ntchito idaonekanso. Mu 2017, INAE ikutsogozedwa ndi mayi Rita Freitas, malesitilanti ndi mapadariya odziwika a ku Maputo adatsekedwa chifukwa cha uve, ndipo anthu adaona pa wailesi ya kanema makhitchini omwe sankawaganizira. Nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ikamayandikira timamva kawirikawiri pa wailesi kuti katundu wotha nthawi walandidwa ndi kutenthedwa.

Koma wailesi imalankhula kamodzi, mawu nauluka ndi mphepo. Amene anali kumunda nthawi ya nkhani sadamve. Sitolo yotsekedwa lero imatsegulidwa sabata yamawa, ndipo wogula sadziwa ngati yakonzadi. Sitolo yomwe afisikali adaipeza yaukhondo nayonso sipindula kanthu, chifukwa palibe chosonyeza. Munthu akalowa m'sitolo amatha kuona chiphaso cha malonda, alvará, chili pakhoma. Chiphasocho chimanena kuti mwini sitolo adaloledwa kuchita malonda. Sichinena zomwe fisikali adapeza m'firiji mwezi watha.

Apa ndi pomwe njira ya malikisi ingatithandize, ndipo siyodula. Fisikali amayendera kale, amalemba kale lipoti. Chotsala ndi pepala limodzi lomata pakhomo, lokhala ndi nambala kapena mtundu womwe ngakhale agogo osadziwa kuwerenga angauzindikire, lobiriwira, lachikasu kapena lofiira, ndiponso deti ya tsiku lomwe fisikali adafika. Mndandanda wa masitolo akuluakulu a ku Tete ndi Moatize ungawerengedwe pa Rádio Moçambique ndi pa wailesi za m'madera m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe, kuti mwini kantina wa ku Dómuè adziwe kopikula.

Poyambira pabwino ndi masitolo akuluakulu ndi ogulitsa mopikulitsa. Ndi ochepa, ali m'tauni pafupi ndi maofesi, ali ndi ndalama zokonzera zolakwika, ndipo katundu wawo ndiye amadzaza makantina mazanamazana. Madzi akayera pa kasupe, ndi kumunsi komwe amayera.

Minga ilipo

Tisanamizane kuti pepala pakhomo lithetsa zonse. Malikisi amanena za tsiku lomwe fisikali adafika, ndipo firiji ingafe mawa lake. Afisikali akakhala ochepa, opanda galimoto ndi mafuta, pepala la chaka chatha limasanduka bodza. Choopsa kwambiri ndi ziphuphu: nambala 5 yogula ndi ndalama ndi yoipa kuposa kusakhala ndi nambala, chifukwa imagonetsa wogula tulo. Ichi ndi chifukwa chake pepalalo liyenera kukhala ndi deti ndi nambala ya lipoti, ndipo pakhale kodandaula kwa mwini sitolo ndi kwa wogula yemwe. Labotale nayo ndi nkhani. Labotale yaikulu ya boma yoyeza madzi ndi zakudya ili ku Maputo, mtunda wa makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete, ndipo kuyeza kwa mtundu wa nkhuku za ku Britain kumafuna ndalama ndi zipangizo pafupi.

Alimi nafenso nkhaniyi idzatipeza kumunda. Mbatata ya kachewere, kabichi, tomato, anyezi ndi nyemba za ku Angónia ndi Tsangano zimadyetsa mizinda. Sitolo yomwe ikuopa kutchulidwa dzina idzayamba kufunsa mlimi kuti adapopera liti mankhwala, adadikira masiku angati asanakolole, ndipo adatsuka ndi madzi otani. Mlimi wowerenga malangizo a pa botolo, wosunga kabuku ka masiku opopera, woumitsa chimanga ndi mtedza bwino asanaike m'thumba, ndiye adzapeze msika wa mtengo wabwino. Magulu a alimi ayambe kuzolowera zimenezi tsopano.

Maso a wogula

Pomwe tikudikira pepala pakhomo, fisikali woyamba ndi inu amayi ndi abambo ogula. Ife a m'malire timagula mbali ziwiri, ku Calómuè ndi ku Dedza, ku Biri-Biri ndi ku Lizulu, ku Zóbuè ndi ku Mwanza, choncho tiyenera kudziwa zolembedwa za zilankhulo ziwiri.

Pa paketi nthawi zambiri pamakhala madeti awiri. Ya tsiku lopangidwa imalembedwa FAB kapena PROD m'Chipwitikizi, MFG kapena PROD m'Chingerezi. Yotha nthawi imalembedwa VAL, validade kapena consumir até m'Chipwitikizi, EXP kapena use by m'Chingerezi. Deti imeneyi ikadutsa pa nyama, nsomba, mkaka ndi chakudya cha ana, musagule ngakhale mtengo utsike motani. Mawu akuti best before, kapena consumir de preferência antes de, amapezeka pa zouma monga mabisiketi ndi mpunga, ndipo amatanthauza kuti pambuyo pa tsikulo chakudyacho chimayamba kutaya ubwino wake. Samalani ndi miyezi: SET ndi SEP ndi Seputembala, OUT ndi OCT ndi Okutobala, DEZ ndi DEC ndi Disembala, AGO ndi AUG ndi Ogasiti. Ngati simutha kuwerenga, tengani mwana wasukulu. Deti yofufutika kapena yomatidwa pepala pamwamba ndi chenjezo.

Chitini chofufuma, chochita dzimbiri kapena chophwanyika m'mphepete musagule. Bokosi la mkaka lotupa ndi loipa. Karapau kapena nkhuku yomwe m'pulasitiki mwake muli madzi a magazi oundana pansi, kapena yomwe nsomba zake zamatirirana chimulu chimodzi cholimba, ndiye kuti idasungunuka ndi kuundananso. Ufa, chimanga kapena mtedza wonunkha nkhungu musadye, musaphikire mowa, ndipo musapatse ziweto.

Inu eni makantina, kumbukirani kuti kuchokera ku Tete kufika ku Ulónguè ndi ulendo wa makilomita oposa 200. Katoni ya nsomba yokhala padzuwa pamwamba pa galimoto ulendo wonsewo yasiya kale kukhala youndana. Gulani zoundana pomaliza, zikulungeni bwino, ndipo mupikule zokwana kugulitsa msanga.

Kunyumba, nkhuku ipse mpaka m'kati, pasatsale magazi pafupa. Mpeni wodulira nyama yaiwisi utsukidwe ndi sopo usanadule tomato. Chakudya chophika chisakhale pamtunda maola oposa awiri osatenthetsedwanso mpaka kuwira. Amayi oyembekezera apewe poloni ndi masoseji osaphika.

Mukapeza katundu wotha nthawi pa shelefu, muuzeni mwini sitolo mwaulemu. Akakana kuchotsa, kanenani ku SDAE kapena kwa azaumoyo a m'boma lanu, ndipo sungani paketi ndi lisiti. Anthu angapo akadwala atadya chakudya chimodzi, thamangirani kuchipatala ndipo tengani chotsalacho, musataye. Mliri wa ku South Africa udadziwika gwero lake chifukwa achipatala ndi afisikali adapeza poloni yotsala pa sukulu ija ndi kuiyeza.

Mafumu, anyakwawa ndi atsogoleri a m'madera, mukakhala pa msonkhano ndi akuluakulu a boma, funsani kuti masitolo omwe anthu anu amapikulako adayenderedwa liti, ndipo kudapezeka zotani. Afisikali amalipidwa ndi msonkho wa anthu, ndipo zomwe amapeza ndi za anthu. Safunsa adadya phula.